Tsiku Limene Amai Anakhazika Msilikali Pansi

Ndikukumbukila chaka chimene sukulu yathu ku Luembe inatsekedwa, ine ndili ndi zaka khumi. Kutsidya kwa malile, ku Mozambiki, mfuti zinali kulila, ndipo anzanga onse anatumizidwa kwa abale ku Nyimba ndi ku Petauke. Ine ndinatsala, ee, ndinatsala! Phada kuponya ndekha, kulumpha ndekha, kudziombela m'manja ndekha.

Asilikali athu anamanga matenti pabwalo la sukulu. Ndinkapita kukawaonelela, iwo nkumandipatsa mabisiketi. Mwana wosowa wocheza naye pakamwa sipatsekeka. Ndinawauza zonse, ngakhale zoti amalume anga a kutsidya amabwela kwathu kudzatenga mchele, ndipo atate amawapelekeza mpaka kumtsinje.

M'mawa mwake asilikali anayi anafika kwathu, patsogolo mkulu wao, wa mtundu wa Abemba, wamtali ngati mgwalangwa.

"Bambo, mukudyetsa adani. Valani nsapato, tipite ku boma."

Pomwepo ndinadziwa kuti ndi lilime langa likuwatengetsa atate. Atate ananyamuka kuti atsutse, koma amai anawakoka malaya. Amaiwo anatenga kampando nkukaikila mkulu uja kuseli kwa nkhokwe, kutali ndi asilikali enawo.

"Bwana, dzuwa lakula. Khalani apa mumwe madzi."

Atakhala, atamwa, amai anagwada nkunena mokweza nsidze: "Kodi inu odya anyani, anyani atha kutchile kuti muyambe kugwila amuna a eni?"

Mai ine, ndinati lelo tatha! Koma ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya. Makolo anamenyana, atatopa anasiya mikondo nkuyamba kulasana ndi nthabwala, ndipo wa chimbuya saloledwa kukwiya. Mkulu uja anaseka mpaka chipewa kugwa.

"Mayo, inu odya mbewa, mwandiyamba!"

Kenako mau anatsika. Amai anafotokoza kuti mlongo wao ndi mlimi chabe, malile anangodutsa pakati pa abale.

"Ndamva," anatelo mkuluyo. "Koma ndikabwelela chimanjamanja, anyamata anga andiona bwanji?"

Amai anati: "Auzeni kuti mwatseka njila. Mlongo wanga sadzapondanso pakhomo pano."

Anapita, atate nkutsala.

Ndinadikila mkwapulo, sunabwele. Amai anangondipatsa munsi kuti tisinje, ndipo pakati pa kugunda kwa mtondo anati: "Munthu wa mfuti usamuyankhe ali chiimile. Mukhazike pansi, umuchotse pamaso pa anyamata ake, umupatse choti anyamule pobwelela. Koma udziwe, chimene udzamupatsecho chidzakhala chako chokondedwa."

Uthenga unapita kutsidya, ndipo amalume anamvela. Nkhondo isanathe tinamva kuti anamwalila ndi matenda, ife osaponyako dothi. Amai sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, koma mchele akamathila m'ndiwo ankakhala chete.

Atate anakalamba, ee, anakalamba, ananyamula ana anga onse, anavina pa ukwati wa mdzukulu! Pa zimenezo ndimaimba mpaka lelo, ndipo nthungululu yanga imamveka mpaka kumsika. Kulemba ndimachita kukoka, maphunzilo anathela chaka chomwe chija. Komabe ndikamva pa wailesi kuti akuluakulu a maiko agwilana chanza, ena akamaomba m'manja ine ndimayamba ndafunsa: kodi kumeneko wapeleka mlongo wake ndani?