Munda wa Kumapeto kwa Ngalande

Apongozi anga aamuna akhala akutsegula geti la damu kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Anthu anawapatsa dzina loti a Gudumu, chifukwa cha chitsulo chonga gudumu chomwe amapotokola kuti madzi alowe mu ngalande. Chitsulocho chinachita dzimbiri kalekale, ndipo mapewa awo anathera pomwepo.

Madzi timagawana potsata masiku. Lolemba amathirira a minda ya kumtunda, n'kumatsika choncho mpaka Lachisanu, tsiku la a kumapeto. Pogawana minda, apongozi anasankha dala wa kumapeto kwenikweni, ati pasapezeke wonena kuti amadzikondera. Ine zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Anthu amawanenabe basi, ndipo palibe anabwerako ndi kagirisi koti apake pachitsulopo.

Chaka chino damu linatipusitsa. Pamtengo woyezera, madzi ankaoneka ambiri, chonsecho pansi panali patadzaza matope. Apongozi anapisamo nsungwi, n'kupeza kuti madziwo sakupitirira m'chiuno. Atauza a komiti yoyang'anira damulo, anayankhidwa kuti mtengo sunanamepo. Aliyense anabzala munda wonse. Nafenso tinabzala anyezi, omwe ndiwo amatidyetsa chaka chonse.

Lamulo ndi loti madzi akatsika kufika pamzere wofiira wa pamtengo uja, geti litsekedwe, otsalawo akhale akumwa anthu ndi ng'ombe. Madzi anafikapo Lachinayi masana, anyezi athu akufunika kuthiriridwa kamodzi kokha kuti akhwime.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza atakhala pakhoma la damu, loko ali m'manja.

"Bambo, tsegulani ola limodzi lokha," ndinatero. "Anyezi aja agona."

"Ndawaona, mayi."

"Ndiye? Akumtunda anathirira mpaka madzi kusefukira mumsewu!"

"Ndikatsegula lero, mawa andibwerera anthu makumi anayi. Ndidzawauza chiyani?" Anapukusa mutu. "Ndatopa ine, mayi. Ndatopa zedi."

Anakoloweka loko uja, n'kutseka. Kenako anandipempha kuti ndiwagwire dzanja potsika masitepe, chinthu chomwe anali asanapemphepo.

"Pitani mukawauze amayi anu," anatero titatsika. "Ine sindingathe."

Ndinayenda motsata ngalande youma. Apongozi aakazi ndinawapeza atatsegula kale timizere tonse ta m'munda. Anali chiimire, khasu lili m'manja, maso ali kumtunda, kudikira madzi.