Penti Yofiira pa Siponji Yanga

Ntchito yanga yoyamba kuno ku America inali yotsuka magalimoto, ndipo ndinaipeza panja pa tchalitchi. Tinali titangosamuka kumene ku South Bend kubwera ku Indianapolis, chifukwa bambo a Tadala anali atapeza ntchito kuchipatala. Ku South Bend ndinakhala zaka ziwiri ndili m'nyumba, mwana kumsana, maso pawindo kuonerera chipale chikugwa. Sukulu ine ndinalekezera sitandade 8, Chizungu changa chinali chongopemphera madzi akumwa, pomwe anzathu a ku Malawi amene ali kuno ambiri ndi manesi ndi anthu a ku yunivesite. Ndiye ndinkaopa chilichonse. Foni ikalira, mtima phaa. Kalata ikabwera, mtima phaa.

Lamlungu lina titaweruka ndinaona kuti mbalame yaipitsira chitseko cha galimoto ya a Mwale, mkulu wa mpingo wathu. Ndinasolola kansalu konyowa m'chikwama cha mwana. A Mwale anakuwa ali patali: "Iii, mayi a Tadala, musatikite, mukala penti!" Koma ine sindinkatikita, ndinangophimba pamalopo kuti pafewe, kenaka n'kunyamula pang'onopang'ono monga ndimachitira pa khungu la mwana. Anafika, anawerama, anayang'ana. "Muli ndi dzanja inu. Mnzanga wina ku Speedway akufuna munthu. Mungapite?"

Ndinavomera.

Garaja ya a Ray, mnzawo wa a Mwale uja, inali ya zipata zitatu, m'dera la Speedway, kufupi ndi bwalo lalikulu la mipikisano ya magalimoto. M'mawa ndinkasiya Tadala kwa mayi wina wa kwathu amene tinayandikana naye nyumba, n'kukwera basi pa Lafayette Road. A Ray anali mzungu wamtali, wa imvi, wosakonda zolankhulalankhula, ndipo zimenezo zinandithandiza chifukwa ankandiphunzitsa ndi manja. Kwathu galimoto timatsuka ndi ndowa imodzi, sopo wa ufa ndi chinsanza cha malaya akale. Pano ayi. Ndowa zimakhala ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira chigulovu cha ubweya, kuti mchenga usabwerere pa penti. Umayamba ndi matayala, ndi burashi yakeyake. Kenaka umathira thovu, kutsukuluza ndi paipi ya madzi amphamvu, n'kutsuka kuchokera padenga kutsikira pansi, dzanja likuyenda mowongoka, osati mozungulira. Ukapukuta umatenga kadongo kofewa, kuyendetsa pa penti yonyowa mpaka tizinyalala tomata tichoke, pamve see ngati galasi. Pambuyo pake makina opolishira, okhala ndi siponji yoyera yozungulira kunsi kwake. Pomaliza wakisi, phula lotetezera penti. Nsalu ikagwa pansi, yagwa basi, siikhudzanso galimoto tsiku limenelo.

Ndinkayang'anitsitsa zonse, ndinkaloweza ngati vesi. Patatha miyezi itatu a Ray anasiya kuima kumbuyo kwanga.

Tsiku lokoma linali Loweruka. Madala okonda magalimoto ankabwera ndi makapu a khofi n'kukhala pa mipando yopinda pakhomo pa garaja, nkhani yake imodzimodzi sabata ndi sabata, ndipo ine Chizungu chambiri ndinachiphunzirira pamenepo, makutu ali tcheru manja ali m'thovu. A Mwale sankaphonya. Iwo anali ndi galimoto yaikulu ya zitseko zinayi, zija kwathu timati saluni, kuno amati sedani, yaitali ngati bwato, mipando yake ngati sofa. Mdani wawo pa mkangano anali a Harold, nkhalamba ya kapu yofiira, mwini wa galimoto yakale ya zitseko ziwiri, imene amaitcha kupe.

"Galimoto ya zitseko zinayi ndi takisi," ankatero a Harold. "Munthu umangokhala ngati ukudikira wokwera."

A Mwale ankaseka mpaka khofi kutayika. "Nanga yanuyo? Ya munthu wopanda abale! Kwathu kutagwa maliro, munganyamule ndani mmenemo? Apongozi alowere pawindo?"

Pamene ankagwirizana m'pamodzi pokha: onse ankadandaula kuti mafakitale a kuno asiya kupanga masedani ndi makupe a kale aja, msewu wonse wadzaza ndi zimagalimoto zazitali zofanana ngati mafiriji. Akatopa ndi zimenezo ankatembenukira kwa madalaivala. Uyu wokakamira mzere wa kumanzere, wa othamanga, pa msewu waukulu akuyenda ngati ali pa ukwati. Uyu wokhota osasiginala. Uyu wogona pa foni maroboti atalola kale. A Harold anakulira kumpoto, ndiye ankati anthu a ku Indianapolis sadziwa kudiraiva pa chipale, chikangogwa pang'ono onse ali m'ngalande, n'kundiloza ine: "Funsani mayiyu, wakhalako kumpotoko ku South Bend!" Ine n'kumangogwedeza mutu, pomwe chiwongolero ndinali ndisanachigwirepo chibadwire.

Kupe ya a Harold sinkabwera kudzatsukidwa. Ankaitsuka okha kunyumba, ndipo aliyense pagarajapo ankadziwa chifukwa chake: anaigula ali mnyamata, ndipo penti yake inali yoyamba ija ya ku fakitale, sinapakidwepo kachiwiri. Zimenezo ankazinena kawiri pa tsiku. Koma chaka chimenecho phewa linkawavuta, ndipo mwezi wa Meyi, pamene tauni yonse imadzaza ndi alendo a mipikisano, ankafuna kukaionetsa kumene anzawo amasonkhana. Ndiye Loweruka lina anailowetsa pa chipata changa. Yofiira, boneti yaitali, pakati pa bonetiyo pali kamzere kotukuka ngati msana wa nsomba.

A Ray anali pa changu, amakatenga galimoto ya kasitomala wina kutauni. Analemba kakhadi n'kukapana pa galasi la kutsogolo monga mwa masiku onse. Mawu anayi amene ndinali nditawazolowera: kutsuka, dongo, polishi, wakisi. Anandikwezera chala chachikulu n'kunyamuka.

Ndinatsuka ngati ndikusambitsa khanda la eni. Dongo linayenda bwino. Ndinaika siponji yatsopano pa makina, madontho anayi a polishi, n'kuyamba mbali ya kumanzere ya boneti, pang'onopang'ono, kupita ndi kubwera, kufika mpaka pa kamzere kaja. Pamalopo panayamba kuwala mokongola, ine mpaka kumwetulira ndekha. Kenaka ndinazimitsa makina kuti ndiwonjezere polishi, ndinawatembenuza.

Siponji yonse inali yofiira. Osati pang'ono ayi, psuu, ngati ndazingira nkhuku pamenepo.

Magalimoto onse amene ndinapolishapo, ofiira, akuda, a buluu, siponji inkangoda pang'ono basi, mtundu wa galimoto sunkachoka. Ndiye apa ndinadziwa chinthu chimodzi chokha, kuti ndasenda penti ya a Harold, penti ija amailumbirira, imene yakhala zaka zambiri kuposa zanga. Ndinayang'ana kukhomo. Madala ali pa mkangano wawo, misana ili kwa ine, palibe waona. Pambali panga panali chidebe choponyamo masiponji akuda. Maganizo anabwera mothamanga: ponya mmenemo, phimba ndi nsalu, tenga ina, maliza mwachangu, paka wakisi, ndani adziwe? Koma nanga ndikapitiriza n'kufika pa chitsulo? Nanga ndikasiya, mbali ina yowala ina yofuwa, sadzaona? Ndinaganiza za basi ya m'mawa ija imene ndinali nditayamba kuikonda, ndinaganiza zobwerera m'nyumba kukakhalanso pawindo, Tadala akundifunsa m'Chizungu chake chija kuti bwanji lero simukupita kuntchito. Ndinaganizanso za a Mwale, amene anandiperekeza pano ndi dzina lawo.

Siponjiyo ndinaimatula pa makina. Ndinaigwira ndi manja awiri, n'kuyenda kupita kukhomo. Sindikumbuka kuti ndinaganiza zogwada. Thupi linangochita lokha zimene linaphunzira kwathu, kuti wamkulu ukamulakwira sumuuza uli chiimire. Ndinangozindikira mawondo ali pa simenti yonyowa, patsogolo pa mpando wa a Harold, siponji ili m'mwamba, Chizungu chonse chathawa.

"Pepani bambo, ndawononga," ndinatero m'Chichewa.

Madala anadzidzimuka. Wina anagwetsa kapu, wina akuti itanani ambulansi, amvekere wadzicheka, taonani magazi. A Mwale ndi amene anaimirira n'kutambasula manja. "Ayi, ayi, sanavulale! Kwathu ndi ulemu umenewu, akupepesa." Kenaka kwa ine, motsitsa mawu: "Mayi a Tadala, dzukani, mwawaopsa azunguwa. Chachitika n'chiyani?"

Ndinafotokoza, iwo akumasulira. A Harold anatenga siponji ija, anaitembenuza, anainunkhiza.

"Muuzeni adzuke kaye," anatero. "Mawondo anga akupweteka pongomuona."

Ena anaseka, koma iwo sanaseke. Ananyamuka n'kulunjika ku galimoto yawo, tonse tikutsatira. Anatulutsa katochi m'thumba, anawunika mbali imene ndinapolisha, anasisita ndi kuseri kwa chala. Akuyenda choncho anafotokoza, a Mwale akundipatsira m'Chichewa, kuti magalimoto a masiku ano amakhala ndi chikopa choonekera mkati ngati galasi pamwamba pa mtundu, ndiye makina amangodya chikopacho. Akale alibe. Mtundu uli pamwamba penipeni, ukapolisha umatsalira pa siponji, ndipo zimenezo zokha si ngozi. Ndinayamba kupuma. Koma tochi ija itafika pa kamzere kotukuka kaja, inaima.

Anawerama. Anayandikitsa tochi pamalopo.

"Apa," anatero.

Ndinasuzumira. Pamwamba pa kamzereko panali kadontho kotuwa, kochepa ngati njere ya mpunga. Pamalo otukuka penti imakhala yopyapyala, ndipo makina anga anali ataibowola.

Nthawi yomweyo a Ray anatulukira. Anaona anthu atazungulira boneti, anaona siponji, anavula chipewa. Sanandiyang'ane n'komwe. "Harold, cholakwa ndi changa. Sindinamuuze kuti iyi siifuna makina. Ndimaliza ndekha."

Mumtima ndinati basi, kwatha, awa ndi mawu a ulemu chabe, Lolemba andiuza kuti ndisabwerenso.

A Harold anazimitsa tochi. Nkhope inali yolemera, sindinganame kuti sizinawapweteke. "Ayi," anatero. "Amalize yemweyu. Wina akanabisa siponjiyi n'kupitiriza, bwenzi mzere wonsewu uli mbuu, ine n'kudzazionera padzuwa pamaso pa anzanga. Uyu waima. Koma ndi manja, makinawo ndisawaonenso."

A Ray anandipatsa tepi ya buluu n'kundionetsa momata m'mizere yonse yotukuka ndi m'mphepete mwa zitseko, kuti nsalu isafikepo. Anandipatsa polishi wofewa ndi mulu wa nsalu zoyera. Kachigawo kamodzi kokula ngati chikhatho, kupaka mopepuka, kupukuta, kuyang'ana nsalu, kupinda, kusunthira patsogolo. Zinanditengera masana onse. Ndinaimbira mayi wosunga Tadala kuti ndichedwa, mkono unafika pochita dzanzi. A Harold anakoka mpando wawo n'kukhala pambali panga, maso pa dzanja langa. Nditafika pa chitseko chachiwiri ndinamva ayambanso: "Waona, Mwale? Zitseko ziwiri zokha, watha kale. Ikanakhala takisi yako ija bwenzi tikugona pano." Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti Lolemba ndibwera.

Papita zaka zinayi tsopano, ndikadali pagaraja pomwepo. Ndinaphunzira kudiraiva, ndili ndi kasedani kanga kakale, a Mwale amati ndinasankha mwanzeru, a Harold amati ndawakhumudwitsa. Galimoto iliyonse ikalowa pa chipata changa, kaya khadi lalembedwa chiyani, ndimayamba ndagwada kunsi kwa chitseko, pamalo osaonekera, n'kupaka kadontho ka polishi ndi nsalu yoyera. Nsalu ikatuluka ndi mtundu, makina amabwerera pa shelefu. Atsopano akabwera ndimawaphunzitsa zomwezo, ndipo ndimawauza kuti ukaona chimene sunachionepo, zimitsa makina ukanene nthawi yomweyo, ngakhale uli ndi mantha, chifukwa cholakwa chikadali ngati njere ya mpunga munthu amatha kuchikhululuka.

Kupe ija imabwera kwa ine mwezi wa Meyi uliwonse. A Harold anakana kupakapo penti pa kadonthoko, akuti ikapakidwa ndiye kuti si yoyambanso. Kakadalipo, kotuwa, pamwamba pa boneti. Ndikamayandikira pamenepo ndi nsalu, dzanja limapepuka lokha.