Mphini za pa Manja a Enifa

Amene adayendapo pa minibasi ya ku Salima m'zaka za m'ma 2000 akhoza kumukumbukira Enifa Mwanjuma, ngakhale dzina sakulidziwa. Ndiye mayi wamtali uja ankagulitsa mpunga wophika pa Golomoti, kuseri kwa siteji. Mpunga ankaugula kwa alimi a ku Bwanje n'kuusankha yekha m'lichero, ndipo m'mbale yake munthu sunkaluma mwala. Mwamuna wake adapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, choncho ana atatu ankadya za m'mapoto omwewo.

Pa khumbi lakelo ankathandizana ndi Sabina, chinjira chake cha kuyambira ku utsikana. Enifa ankaphika ndi kupakula, Sabina ankatsuka mbale ndi kuitanira anthu, pakuti mayiyu pakamwa padali potakasuka.

Koma Enifa adali ndi chinsinsi. M'zigongono ndi m'mawondo munkatuluka zigamba zouma, zoyabwa, zosendeka ngati mamba a chambo. Bulauzi ya manja aatali ndi chitenje zinkabisa zonse, ndipo pa Golomoti ponse wodziwa adali Sabina yekha.

Chaka china m'nyengo yozizira, kachigamba kadatuluka pa mkono, pafupi ndi dzanja. Enifa adagwidwa ndi mantha. Ndani angadye chakudya chopakulidwa ndi dzanja lotero? Adafuna kupita kuchipatala, koma Sabina adati zakumeneko n'zochedwetsa, iye akudziwa sing'anga wina cha ku Mtakataka amene mphini zake sizipita pachabe. Adamuperekeza yekha, ndipo ndi iye adamugwira mkono pamene lezala linkayenda. Sing'anga ankafuna kutema m'zigongono mokha, koma Sabina adachonderera kuti atemenso kuseri kwa manja ndi m'masaya, ati kutsekereza njira kuti matenda asafikeko. Enifa adabwerako akuthokoza Mulungu chifukwa cha mnzake wotere.

Patapita masabata awiri, mphini zija zidamera. Paliponse pomwe padadutsa lezala padatuluka chigamba chatsopano, mizeremizere, poonekera aliyense. Anthu a pamsika, paja sachedwa kusanduka madokotala, adagamula kuti ndi khate. Madalaivala omwe dzulo ankanyambita zala adayamba kulambalala khumbilo. Sabina adamulangiza mokoma kuti ayambe wapuma kunyumba, mapoto awasamala iye.

Kuchipatala kuja adakana Sabina, n'komwe Enifa adakamva zoona. Dokotala adamuuza kuti si khate ndipo sapatsirana, ndi matenda otchedwa soriyasisi. Adati khungu la munthu wa matendawa likavulala, kaya ndi minga, moto, kukanda kapena lezala, pa balapo pamatha kutuluka chigamba china. Adamupatsa mafuta odzola n'kumuuza kuti apirire, zitenga nthawi. Enifa adadziona chitsiru, koma Sabina sadamuganizire choipa. Munthu adafuna kuthandiza, akanadziwa bwanji?

Pobwerera adakumana ndi mayi ake a Sabina akuchokera ku Misa ku Mua. Gogoyo sadachite mantha. Adamugwira manja onse awiri, n'kuwatembenuzatembenuza.

"Awatu ndi matenda a malemu bambo ake a Sabina," adatero. "Nawonso titawatemera mphini zidatuluka chonchi, mzere ndi mzere. Sabinayo ndiye ankawadzoza mafuta, mpaka tsiku lina adathamangitsa sing'anga ndi munsi. Bwanji simudayambe mwamufunsa iyeyo, mwanawe?"

Enifa adatsanzika mwaulemu. Njira yonse ankakumbukira mmene Sabina adamupanira mkono, ndi mawu ake ofewa popempha kuti lezala lifike m'masaya. Munthu amene adavinidwa naye limodzi, amene adamugwirira mwana woyamba ku ubatizo. Mtima udamuwawa kuposa khungu.

Adafika pa khumbi dzuwa lili paliwombo. Mabenchi adali odzaza. Sabina adavala epuloni ya Enifa, akupakula ndi chipande cha Enifa, akuseka ndi madalaivala omwe aja. Enifa adadikira kuti mzere uchepe, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Sabina, unkadziwa?"

Sabina sadafunse kuti kudziwa chiyani. Maso ake adali mu poto.

"Ndimati mwina kwa iwe zikhala zina," adayankha.

Kenaka adacheukira anthu a pa mabenchi, omwe tsopano adali atasiya kutafuna. Adapakula mpunga, osati m'mbale ayi, koma m'kajumbo ka pulasitiki, n'kumanga pakamwa. Sadamupatse m'manja. Adakaika pansi, patsogolo pa mapazi ake.

"Tenga ukadyere kunyumba. Pano ukundithawitsira anthu."

Enifa adakayang'ana kajumboko nthawi yaitali. Ana kunyumba adali asanadye kanthu chigonere, ndiye adawerama n'kukatola.