Chitseko Chimene Ndinawatsekera Amayi

Ndisanabwere ku London ndinali kondakitala wa minibasi ya Limbe kupita ku Bangwe, zaka zinayi. Ntchito imeneyo lamulo lake ndi limodzi: munthu sasiyidwa. Kaya ali kutali akukupiza dzanja, kaya akumangabe mwana kumsana, umamenya denga, dalaivala n'kuima. Akakhala wachikulire umatsika n'kumulandira katundu. Khalidwe limeneli linandilowerera, ndipo ndi lomwe linatsala pang'ono kunditayitsa ntchito m'dziko la eni.

Kuno ndinayamba ndi kuima pageti la siteshoni ya sitima zapansi panthaka, kuthandiza anthu amene tikiti yawakanira. Zaka zitatu ndili chiimire, mapazi akutupa, mphepo ya m'masitepe ikundilasa msana. Mkazi wanga anali nesi pachipatala chachikulu cha ku Romford, ndipo kutchalitchi anthu ankandidziwa kuti ndine "amuna awo a anesi aja". Sindibisa, zinkandinyansa. Choncho atalengeza kuti akufuna anthu oti aphunzire kuyendetsa sitima, ndinalembetsa tsiku lomwelo.

Nthawi imeneyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makondakitala a sitima zapansi anali atangowathetsa kumene. Ntchito yawo yonse inagwera woyendetsa: ndiwe dalaivala, ndiwenso kondakitala. Ukaimitsa sitima umatsegula zitseko, n'kumayang'ana pulatifomu pagalasi lalikulu kapena pa timakanema tokhala kutsogolo kwako. Otsika akatsika, okwera akakwera, umadina batani, zitseko n'kutsekeka. Kanyale kakayaka kosonyeza kuti zonse zatsekeka, umayang'ananso kuti palibe wapanidwa, basi n'kunyamuka. Ine mumtima ndinati aaa, izi ndiye zanga, ku Bangwe ndinkazichita popanda ndi batani lomwe.

Za m'kalasi ndinakhoza bwinobwino. Vuto linayamba atandipatsa mlangizi woti ndiziyenda naye panjanji, mzungu wonenepa wosakonda zolankhulalankhula, amene nayenso anayamba ndi ukondakitala. Sabata yoyamba yomweyo, nditatseka zitseko pasiteshoni ina, ndinaona agogo ena akutsika masitepe ndi ndodo. Dzanja linangopita lokha pabatani. Ndinatsegula.

"Wapanidwa ndani?" anafunsa mlangizi uja.

"Palibe. Koma agogo awo akubwera."

"Kumbuyo kwathu kuli sitima ina, mphindi zitatu ifika. Kumbuyo kwa imeneyo kulinso ina. Iwe ukaima zonse zaima, zina mumdima pansi panthaka, anthu atadzaza. Ndiponso taona uko."

Ndinayang'ana pagalasi. Anthu ena, ataona kuti zitseko zatsegukanso, anali paliwiro kudumpha masitepe awiriawiri, wina atanyamula mwana m'manja.

"Ukawazoloweza kuti chitseko chimatsegukanso, tsiku lina wina adzagwa," anatero. "Ndipo womugwetsayo udzakhala iweyo."

Mutu unamva, koma dzanja ayi. Patatha masabata awiri ndinabwerezanso, ulendo uno chifukwa cha mayi woyembekezera. Mlangizi analemba m'fayilo yanga, n'kundiuza mosapita m'mbali kuti ndikachita kachitatu ndibwerera pageti, ndipo mwayi wina sudzabwera msanga. Kuyambira pamenepo ndikangotseka zitseko ndinkapanira dzanja pakati pa mawondo ngati mwana wasukulu wozizidwa. Mlangizi ankaseka, koma zinathandiza.

Tsopano ndinene za amayi. Si ondibereka ayi. Ndi mayi a kutchalitchi kwathu, ochokera ku Ntcheu, amene anandisunga m'nyumba mwawo ku Dagenham nditangofika, mkazi wanga akadali kunyumba zogona anesi. Miyezi isanu ndi iwiri ndinagona pabalaza pawo. Ndi iwo anandigulira jekete loyamba la nyengo yozizira, ndi iwo anandiphunzitsa kukwera sitima zomwezi, atandigwira pamkono ngati mwana. Anagwira ntchito yosamalira okalamba zaka zambiri mpaka mawondo anawathera.

Tsiku la mayeso omaliza linali Lachinayi m'mawa, chipwirikiti cha opita kuntchito chitachepa. Mlangizi wanga sanaloledwe kukwera. M'malo mwake munalowa woyesa, mayi wamtali wa magalasi, pepala ndi cholembera m'manja. Anandipatsa moni, n'kukhala chete mpaka mapeto. Ndinayenda bwino. Ndinkaima ndendende pachizindikiro, ndinkalengeza masiteshoni momveka, thukuta likuyenderera m'kati mwa yunifolomu.

Kum'mawa kwa mzindawu sitima zathu zimatuluka pansi n'kumayenda pamtunda. Pasiteshoni ina kumeneko masitepe amatsikira pafupi ndi mutu wa sitima, pomwe pamakhala woyendetsa. Ndinaima, ndinatsegula, anthu anakwera, ndinatseka. Kanyale kanayaka. Ndipomwe ndinamva mawu pawindo.

"Mwanawe! Iwe! Tandidikira!"

Chichewa, pakati pa London. Ndinatembenuka. Anali amayi, pasitepe yomaliza, chikwama kudzanja lina, ambulera kudzanja lina, akukoka mwendo koma akuthamanga ndithu. Anali atandizindikira. Nkhope yonse inali chimwemwe chokhachokha. Anafika pamzere wachikasu wa m'mphepete mwa pulatifomu n'kuima, ali wefuwefu, akudikira kuti mwana wawo awatsegulire. Kuchoka pomwe anaima kufika pachitseko choyamba anali mapazi atatu basi.

Maso athu anakumana. Sindinganame kuti sindinawaone.

Dzanja linanyamuka, ndinalimva likupita. Kumbali kwanga cholembera cha woyesa chinali chitasiya kuyenda. Ndinayang'ana pagalasi monga anandiphunzitsira: palibe wapanidwa, palibe wakhudza sitima, onse ali kuseri kwa mzere. Panalibe chifukwa chotsegulira choti ndikanachinena m'Chingerezi n'kumveka. Ndinagwira chogwirira choyendetsera n'kunyamutsa sitima. Pagalasi ndinawaona akutsitsa dzanja pang'onopang'ono.

Masiteshoni otsalawo sindikuwakumbuka. Titafika kumapeto kwa njanji woyesa anavula magalasi, anasayina pepala, n'kundiuza kuti ndakhoza. Anati ndimayang'ana pulatifomu mosamala, koma ndichepetse kumanga mabuleki modzidzimutsa. Za mayi woitana pawindo sanatchule n'komwe. Mwina kwa iye sichinali chinthu.

Kunyumba mkazi wanga analulutira mpaka oyandikana nafe anagogoda khoma. Nditamufotokozera za amayi anakhala pansi. "Koma ndiye mwaiputa," anatero. "Mupite nokha, ine musanditengeko."

Ndinapita Loweruka masana. M'basi monse ndinkakonza bodza: dzuwa linandithobwa m'maso, windo linali lotseka, sindinamve. Amayi ananditsegulira okha. Sanandikumbatire monga mwa masiku onse. Analoza mpando, koma ine ndinanjuta pafupi ndi mawondo awo.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa za Lachinayi."

"Unandiona?"

Bodza lonse linathawa. "Ndinakuonani."

"Eya. Ukanati sunandione bwenzi ndikukutulutsa muno." Anakonza mpango kumutu. "Sitima ina inabwera nthawi yomweyo, usaganize kuti ndinachedwa kuchipatala. Ine ndi mawondo angawa sindithamangira sitima, ndinasiya kalekale. Ndinathamangira iweyo. Ndimafuna ndikwere, ndiwauze azungu ali m'menemo kuti akuyendetsayu ndi mwana wanga."

Ndinawafotokozera zonse, za mayeso, za woyesa amene anali pambali panga, za maulendo awiri aja amene ndinatsegulanso zitseko, za kubwerera pageti. Anamvetsera osandidula mawu.

"Ndiye wakhoza?"

"Ndakhoza, amayi."

"Ukanatsegula?"

"Bwenzi Lolemba ndili pageti."

Anayang'ana pawindo. "Wachita bwino," anatero. "Ntchito ya eni ake imeneyo, uigwire momwe akufunira. Koma zinandiwawa, mwanawe. Anthu anandiyang'ana ngati wamisala, nkhalamba yokuwira sitima."

Anadzuka movutikira n'kulowa kukhitchini. Ndinafuna kuwatsatira kuti ndikathandize, poti khitchini imeneyo ndinkaidziwa ngati yanga, koma anandiuza kuti ndikhale. Ndinamva ketulo ikuwira, kenako kabati ya magalasi ikutsegulidwa. Anabwera ndi thireyi, atayalapo kansalu koluka, tiyi ali m'kapu yamaluwa yokhala ndi sosala yake. Miyezi yonse imene ndinakhala m'nyumba imeneyo ndinkamwera m'kapu ya pulasitiki ngati ana awo, ndipo makapu amaluwawo ndinkangowatsuka abusa akachoka.

"Imwani, a dalaivala," anatero.

Ndinamwa ngati mlendo. Lolemba ndinayamba ntchito, ndekha kutsogolo kwa sitima.