Majombo ndi Zala za Inki

Nsapato zanga zoyamba zinali majombo. Anandipatsa ku fakitale ya feteleza ku Kafue, ufulu udakali watsopano. Kwathu kum'mawa ndinakula ndikuponda pansi, choncho sindinkawavula. Kuntchito majombo, kumsika majombo, kutchalitchi majombo.

Mvula itayamba, pakati pa zala panayamba kuyabwa. Panatuwa, kenako panang'aluka. Linyetsu. Za fungo sindinena. Mnzanga amene tinkakhala chipinda chimodzi ku Estates, kunyumba za antchito, anasamutsira mphasa yake pafupi ndi chitseko.

Tsono Loweruka lake ndinayenera kukaonekera kwa makolo a mtsikana amene ndinkafuna kukwatira. Atate ake anali msodzi wa kumtsinje, munthu wosaseka. Amalume anandichenjeza.

"Kwa apongozi nsapato zimatsala pakhomo. Ukalowa ndi majombo, ubwera wopanda mkazi. Ukavula ndi fungo ili, chimodzimodzi."

Ndinathirapo palafini. Ndinavina popanda ng'oma. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala.

Adokotala anayang'ana kamodzi kokha.

"Bambo, mukulima bowa."

Ndinafuna kutuluka. Anandikhazika. Anati pakhungu pa munthu aliyense pamakhala tibowa tosaoneka ndi maso, mkamwa ndi m'mimba momwe. Tikakhala tochepa tilibe mlandu.

"Nanenso ndili nato. Koma inu mwatimangira nyumba yofunda, yonyowa, mukutidyetsanso thukuta. Tipite kuti?"

Anandipaka mankhwala onga inki ya kusukulu, nandipatsa kabotolo. Anati ndiziumitsa zala ndikasamba, majombo ndiziyanika padzuwa, ndikaweruka ndizivala patapata.

Pofika Loweruka fungo linali litatha. Inki ayi. Ndinasiya majombo pakhomo, ndinakhala pamphasa, mapazi nditawapinda kumbuyo. Amalume anayamba kulankhula bwino kwambiri. Nkhalamba sinkamva. Inkayang'ana mphasa.

"Tambasulani miyendo, achimwene."

Ndinatambasula. Zala khumi, zonse za inki. Amalume anasiya mawu pakati. Kuseri kwa chitseko wina anaphulika kuseka, ndipo kasekedweko ndinakadziwa. Mumtima ndinati basi, mkazi wapita.

"N'chiyani icho?"

"Mankhwala a linyetsu, atate."

"Amagwira?"

"Agwira. Masiku anayi."

Atate aja anawerama. Kenako anatulutsa phazi lawo pansi pa mpando. Linaposa langa. Madzi a m'bwato.

"Ine ndathira phulusa, ndathira mchere, ndathira fodya. Botolo lili kuti?"

Linali m'thumba la jekete. Ndinagwada, ndinawapaka ndekha, chala ndi chala, ndikuwauza za tibowa monga ndinamvera. Anati bowa wosadyeka alibe ntchito. Ndi pomwe ndinaona mano awo koyamba.

Nkhani ya ukwati anaimaliza amalume, ife awiri titatambasula miyendo kuti inki iume. Nshima itabwera tinadyera mbale imodzi.

Mkazi wanga mpaka lero amauza ana kuti anzake anawalowola ndi ng'ombe, iye anapita ndi kabotolo. Sinditsutsa.