Matayala osadya fumbi

Achimwene, lero chakwana chaka. M'mawa uno ndikusesa kuseri kwa nyumba, tsache lagunda tayala la galimoto yanu yofiira ija, ndipo ndangokhala pansi pomwepo.

Mukukumbuka tsiku lomwe munabwera nawo matayala amenewa kuchokera ku Blantyre? Otambalala, opyapyala, galimoto kuchita kuoneka ngati ikukwawa ndi mimba. Munanditenga kuti tikaone amayi kumudzi. Pamsewu wa ku Monkey Bay munkakhota osachepetsa liwiro, ine ndikukuwa, inu mukuseka. "Usaope, Asiyatu, amenewa amamata patala ngati nalimata!" Koma titafika pamphambano pomwe pamayambira msewu wafumbi, munazimitsa injini. "Tsika. Matayala anga sadya fumbi." Tinayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, thumba la mpunga lili pamutu panga, ine ndikulalata njira yonse kuti mumakonda matayala kuposa mlongo wanu. Inu munkangocheuka kuyang'ana galimoto.

Tsiku la maliro anu ndinaiyendetsa ndekha pamsewu wafumbi womwewo, pambuyo pa lole yomwe inanyamula thupi lanu. Mtima unakana kuisiya patala inu mukupita komaliza. Tisanafike n'komwe, mwala unang'amba tayala lakutsogolo. Ndinatsika n'kuima pambali pake, anthu akundidutsa ndi nyimbo, ine ndikudikira kuti mundikalipire.

Tayalalo ndinabwera nalo kunyumba, ndipo sindilola munthu kulitaya. Ndikalipireni, achimwene. Ndinawadyetsa fumbi ndine.