Chiguduli cha Amayi pa Songani

Anthu odutsa pagalimoto amati pa Songani ndi pokongola. Amaima m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, n'kutulutsa mafoni, n'kujambula phiri, kenako n'kugula nthochi osatsika n'komwe. Sindikuwatsutsa, phirilo lilipodi. Koma ine ndinabadwira m'munsi mwake, ku Malemia, ndipo kwa miyezi isanu ya chaka china ndinkalifulatira Loweruka lililonse, nditakhala pachiguduli, maso ali pa tomato.

Amayi anga ankagulitsa ndiwo pamsikapo kuyambira ine ndili kumsana. Mpiru, nkhwani ndi tomato zinkachokera m'dimba lawo la m'mbali mwa mtsinje wa Domasi. Malo awo anali pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi poima maminibasi, pamthunzi tsiku lonse, poyambira kufika aliyense wotsika. Malowo analibe chikalata kapena nambala. Chimene chinalipo ndi lamulo la amayi ogulitsa pa mzere umenewo, losalembedwa koma lodziwika kwa aliyense: malo akakhala opanda munthu Loweruka katatu motsatizana, kachinayi amatenga amene walawirira. Maliro ankawakhululukira. Matenda ayi.

Tsiku lina akuthirira kudimba, amayi anagwa. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, ndipo pakamwa panapotoka. Tinakhala nawo kuchipatala milungu iwiri. Titabwerera kumudzi ankayankhula movutikira, mawu akumezeka, koma madzulo a Lachisanu ndikuwamwetsa phala anandigwira mkono ndi dzanja labwinolo.

"Mawa ndi lachitatu," anatero.

Ndinayesa akunena za masiku, ndipo ndinawauza kuti mawa ndi Loweruka. Anandiyang'ana ngati ndine chitsiru chimene anabala mwangozi.

"Malo anga," anatero.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ya sukulu ina, ndipo amuna anga anali aphunzitsi. Tinkakhala m'nyumba ya malata, ndinkavala nsapato zazidendene, ndipo anthu ankandiitana kuti amadamu. Nditawauza amuna anga zimene ndimafuna kuchita, anaika kapu ya tiyi pansi pang'onopang'ono.

"Inuyo mukakhale pansi pamsika? Ana anga a m'kalasi akakuoneni mukukangana ndi anthu nkhani ya basera?"

"Akandiona adzagula," ndinayankha.

"Amayi sadzabwereranso pamsika paja, mukudziwa inu."

Ndinkadziwa, kapena ndinkaopa kuti ndikudziwa, ndipo n'chifukwa chake ndinakwiya. Ndinawauza kuti yunifolomu imene ndinavala ku sekondale inachokera pachiguduli chomwecho, ndipo ngati manyazi awagwira Loweruka azikagula ndiwo ku Naisi.

Ndinafika dzuwa litangotuluka, dengu lili pamutu, khosi likulira chifukwa ndinali nditaiwala kusenza. Ndinapeza kuti ndachedwa. Pamalo a amayi panali patayalidwa kale thumba, theka lake pamthunzi, theka padzuwa, ngati mwiniwake amayesa kaye ngati madzi ali akuya. Mwiniwakeyo anali mtsikana wa mwana kumsana, amene amuna ake anapita ku Joni osamvekanso. Ankagulitsa therere ndi anyezi kumapeto kwa mzere, pafupi ndi ngalande, pomwe dzuwa limawotcha ndiwo isanakwane teni koloko.

"Achemwali, sunthani thumba lanu," ndinatero.

"Eni ake akudwala, tamva."

"Akudwala, sanafe. Lero ndi lachitatu, ndipo ndafika."

"Lamulo limanena za mwini malo. Inu ndinu a muofesi."

Amayi a mzere wonse anasiya kukonza milu yawo. Palibe anandithandiza, palibenso anamuthandiza. Ndinatula dengu, n'kutulutsa chiguduli cha amayi, n'kuchiyala pamwamba pa theka la thumba lakelo. Kenako ndinakhala pansi, miyendo n'kutambasula, ndi chitenje changa chatsopano cha pa msonkhano wa kutchalitchi. Nkhope ndinaiumitsa. Mtsikanayo anakoka thumba lake pansi pa ine mosapupuluma, n'kubwerera kungalande.

Kukhala pansi kunali kosavuta. Kugulitsa ndiye kunandichititsa manyazi. Ndinaika tomato m'mizere yowongoka ngati mafayilo, wamkulu payekha, wamng'ono payekha, ndipo pofika naini koloko wamkulu yense anali atapita, nditatsala ndi timbwenza ting'onoting'ono tokhatokha. Mayi wina wachikulire wogulitsa chinangwa pambali panga, mnzawo wa amayi wa zaka zambiri, anapirira mpaka analephera.

"Amadamu, mulu samanga choncho. Atatu pansi, wokongola pamwamba, wamng'ono mubise pakati. Ndipo musalole munthu kusankha m'milu iwiri. Mayi anu akanakuonani akanadwala kachiwiri."

Anandiphunzitsanso kuti wogula woyamba sabwezedwa ngakhale akunenerera monyoza, chifukwa ndiye amatsegula tsiku. Ine ndinali nditamubweza kale, ndi Chingerezi pamwamba. Anandiphunzitsa kuwaza mpiru madzi ndi nsonga za zala, osati kuuthira ngati ndikuzimitsa moto, ndi kupereka basera ndikuyang'ana kumbali, ngati ndikuba katundu wanga yemwe, kuti wogula amve kuti wakondedwa yekha.

Loweruka lachiwiri anzanga a kuntchito anayamba kudutsa. Ena ankandiona ali patali n'kuyamba kuyang'ana m'foni mwachidwi. Mayi wina amene tinkagawana naye desiki anaima patsogolo panga n'kunong'ona kuti ngati kunyumba kwavuta ndingonena, anthu akhoza kusonkha. Ndinamuyankha mokweza kuti kunyumba kuli bwino, ndipo tomato ndi uyu, atenge milu ingati. Anagula iwiri chifukwa cha manyazi, ndipo basera sindinamupatse. Lolemba ndinalowa mu ofesi zikhadabo zili zobiriwira ndi mpiru, ndipo sindinazibise pansi pa tebulo.

Tsiku lina galimoto ya alendo inaima, ndipo bambo wina atamaliza kujambula phiri anatembenuzira foni kwa ife. Amayi ena anaphimba nkhope ndi zitenje. Ine ndinamuuza kuti phirilo ndi laulere koma ife tili pantchito, agule kaye. Anaseka, nagula nkhwani umene sindikhulupirira kuti ankadziwa kuphika kwake.

Madzulo aliwonse a Loweruka ndinkapita kwa amayi ndi dengu lopanda kanthu. Sankafunsa kuti ndapeza zingati. Ankafunsa amene anabwera, amene sanabwere, ngati mango ayamba maluwa, ndi ngati mayi wa chinangwa uja akadali ndi chifuwa. Kenako ankafunsa za mtsikana wa kungalande, ndipo ine ndinkayankha mwachidule, chifukwa ndinkamuda. Sanandiyankhulenso chiyambire tsiku lija. Ankangokhala padzuwa paja, ataphimba mwana ndi kansalu, therere lake likufota, ndipo nthawi zina ndinkapeza akuyang'ana mthunzi wathu. Ndikamuona choncho ndinkatambasula chiguduli mpaka m'mphepete.

Miyezi inapita. Amuna anga anasiya kudandaula, anayamba kungondinyamulira dengu pa njinga mpaka pamsewu, n'kubwerera asanafike pamsika. Amayi anayamba kuyenda ndi ndodo kuchokera pakhonde kufika pa nkhokwe. Dzanja silinabwerere. Ankayesa kumanga mpiru ndi luzi pogwiritsa mano, mtolo n'kumasuka, iwo n'kutukwana chapansipansi. Ine ndinkawauza kuti malo akuwadikira, ndipo ndinkanena zimenezi mwamphamvu kuti nanenso ndizikhulupirire.

Loweruka lina chakumapeto kwa chilimwe, ndikukonza milu, ndinamva mzere wonse ukuchita phokoso. Nditatukula mutu ndinaona kabaza akubwera pang'onopang'ono, amayi ali pambuyo, atavala duku lawo la kutchalitchi, ndodo itapingasa pamiyendo. Sanandiuze kuti abwera. Amayi anayi anathamanga kukawatsitsa. Ndinaimirira n'kuwasiyira malo, misozi ikutsika, mumtima ndikuti ndapambana, onse amene ankanena aone.

Anakhala pachiguduli chawo mpaka masana. Anagulitsa milu ingapo ndi dzanja limodzi, anakalipira wogula wina amene ankafinya tomato, ndipo anaseka ndi pakamwa pawo popotokapo mpaka kutsokomola. Dzuwa litafika pamutu anandikodola.

"Kaitane mwana uja wa kungalande."

Ndinayesa akufuna kumudzudzula, ndipo ndinapita mokondwa. Mtsikanayo anabwera n'kugwada patali pang'ono.

"Sendera," amayi anatero. "Loweruka likubwerali uyale pano. Pakagwa mvula madzi amadzera uku, uziika mwala. Mango akapsa ana amagenda, usamale mwanayo."

Mtsikanayo anayang'ana ine, osati iwo. Ine ndinatembenukira kwa amayi.

"Amayi, miyezi isanu ndakhala pansi pano. Anthu andiseka. Ndakangana ndi amuna anga. Zonsezi kuti mungopereka?"

"Eya," anatero. "Kuti ndipereke."

"Nanga bwanji simunangomusiya atenge tsiku lija?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, akusonkhanitsa mawu, chifukwa ataliatali ankawavutabe.

"Dzanja andilanda. Mwendo andilanda. Dimba ndikumva kuti alima ena. Palibe anandifunsa. Pano pokha ndimafuna ndichoke ndekha, ndi miyendo yanga, anthu akuona."

Anakana kuti tiwanyamule. Anagwira phewa langa, n'kudzuka, n'kutenga ndodo. Kuchokera pamtengo wa mango kufika pomwe kabaza ankadikira ndi mtunda woti mwana amathamanga osapuma, koma ife tinauyenda nthawi yaitali, phazi lakufalo likukwekwereza fumbi. Mzere wonse unaimirira. Kondakitala wa minibasi anayamba kukuwa kuti tipatuke, ndipo ndinamuuza kuti adikire, akudutsa ndi amayi anga.